Nkhokwe yaulere yomwe alimi a fodya ku Kasungu sakuigwiritsa ntchito

Msika wa fodya ukatsekulidwa pa Chinkhoma m'boma la Kasungu, sizitenga nthawi kuti munthu aone kumene ndalama zikulowera. Malata amatuluka m'sitolo, njinga zamoto zimachuluka mumsewu wa M1, ndipo ogulitsa mafoni pa Kasungu Boma, pa Santhe, pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya amapha makwacha.

Mlimi akasankha foni yamakono, mnyamata wa pakauntala amaiyatsa, n'kudinadina kwa mphindi zingapo, kenaka n'kumupatsa ili kale ndi WhatsApp ndi Facebook. Chomwe mlimiyo sauzidwa kawirikawiri n'chakuti m'mphindi zimenezo watsekuliridwa akaunti ya imelo ya Gmail, poti foni ya Android siilola munthu kutenga mapulogalamu pa Play Store popanda akaunti ya Google. Dzina la akauntiyo ndi pasiwedi yake zimatsala m'mutu mwa wogulitsa, kapena pakapepala komwe kamasowa dzuwa lisadalowe.

Choncho alipo alimi ambiri omwe ali ndi imelo koma sadziwa kuti ali nayo. Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono poyerekeza ndi mitengo ya feteleza kapena mitengo yomwe ogula amapereka ku okushoni. Koma tikaona momwe ulimi wa fodya wasinthira m'zaka zapitazi, tipeza kuti mlimi wopanda posungira zikalata zake ali ngati wokolola chimanga asadamange nkhokwe.

Ulimi womwe wadzala ndi mapepala

Fodya salinso mbewu yongobzala, kuthyola, kusoka, kuumitsa m'chigafa n'kudinda mabelo. Mlimi asadafese nazale amayenera kulembetsa ku bungwe la Tobacco Commission ndi kulandira chiphaso chosonyeza mlingo wa fodya yemwe waloledwa kulima. Kuyambira mu 2012, pomwe boma lidavomereza ndondomeko ya Integrated Production System, fodya wambiri amalimidwa pamgwirizano ndi makampani ogula monga Limbe Leaf, Alliance One, JTI Leaf Malawi ndi Premium Tobacco. Mgwirizanowo umabwera ndi kontirakiti, ndipo nthawi zambiri umabweranso ndi ngongole ya mbewu, feteleza ndi mankhwala.

Mabelo akapita kumsika, kaya pa Chinkhoma kapena ku Kanengo, pamatuluka mapepala ena: la wonyamula katundu, la kulemera kwa belo lililonse, ndi chikalata cha malonda chosonyeza giredi, mtengo ndi ndalama zomwe zadulidwa. Fodya amagulitsidwa m'madola a ku America koma mlimi amagula zinthu m'makwacha, ndiye tsiku lomwe malonda adachitika lili ndi tanthauzo lalikulu, makamaka m'dziko lomwe ndalama yake idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023.

Mayiko ogula nawonso akufuna umboni wochuluka. Mu November 2019, dziko la America lidalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pamadoko ake kaamba ka malipoti a ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana. Makampani ena adachotsedwa pachiletsocho atasonyeza kuti amatsatira bwino komwe fodya wawo akuchokera. Mu 2021, Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa ulimi wa matenanti. Izi zikutanthauza kuti mwini munda ayenera kukhala ndi zolemba zosonyeza omwe wawalemba ntchito ndi zomwe wawalipira.

Ndalama zomwe zikuyenda m'mapepalawa si zamasewera. Mu 2024 mokha, dziko lino lidapeza ndalama zoposa $390 miliyoni pogulitsa fodya woposa makilogalamu 130 miliyoni. Komabe mbali ya mlimi ya umboni wa malondawa imakhala m'jumbo pansi pa matiresi, momwe chiswe, denga lodontha kapena moto zingathe kuufafaniza usiku umodzi. Pakabuka kusamvana pa ngongole yomwe akuti siidathe, kampani imatsekula kompyuta yake, pomwe mlimi amangodalira zomwe akukumbukira.

Zomwe zili m'akaunti yaulere

Gmail idayamba pa 1 April 2004, ndipo wotsekula akaunti amapatsidwa malo aulere ofika mpaka 15 GB, omwe amagawidwa pakati pa makalata, Google Drive ndi Google Photos. Outlook ya kampani ya Microsoft, yomwe akuluakulu amaikumbukira ndi dzina lakale la Hotmail, nayo imapereka 15 GB ya makalata komanso 5 GB yosungira zinthu zina pa OneDrive.

Manambalawa amamveka bwino tikawatembenuzira kumunda. Chithunzi choonekera bwino cha pepala limodzi chingatenge pafupifupi 2 MB. Apa ndiye kuti malo a 15 GB angasunge mapepala pafupifupi 7,500. Tiyerekeze kalabu ya alimi 15, aliyense ali ndi mapepala 20 pachaka. Onse pamodzi ndi mapepala 300, omwe angadye 600 MB pachaka. Kalabu yotere ingasunge mbiri yake ya zaka 25 osalipira ngakhale tambala ya malo osungira.

Wina angafunse kuti nanga WhatsApp yalakwanji, poti ndiyo aliyense amaidziwa. Yankho lake n'lakuti WhatsApp idamangidwa pa nambala ya foni ndipo mauthenga ake amakhala m'foni momwemo. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, mwini wake asadakonze zoti mauthengawo azikoperedwa kwina, zonse zapita. Ndipo pa Android, kokoperako n'komwe kuja ku akaunti ya Google yomwe pasiwedi yake idatsala kwa wogulitsa. Imelo ndi yosiyana: kalata imakhala pa makompyuta a kampaniyo, ndipo munthu angaitsekule pafoni ina iliyonse malinga akudziwa dzina ndi pasiwedi. Kalata iliyonse imasonyezanso tsiku, nthawi, wotumiza ndi wolandira.

Izi zili ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira mauthenga ndi zolembedwa za pamakina, ndipo limalola kuti ziperekedwe ngati umboni. Chithunzi sichilowa m'malo mwa pepala lenileni, lomwe liyenera kusungidwabe mosamala. Koma mlimi yemwe adadzitumizira chithunzi cha chikalata cha malonda tsiku lomwe adachilandira ali ndi poyambira pomwe pepalalo lasowa.

Momwe mlembi wa kalabu angachitire

Ntchitoyi siifuna maphunziro apamwamba. Choyamba ndi kujambula pepala pamalo owala n'kulitumiza ku imelo ya mwini wake yemweyo kapena ya kalabu. Pulogalamu ya Google Drive pa Android ili ndi batani lojambulira mapepala, lomwe limawongola chithunzi n'kuphatikiza masamba angapo kukhala chikalata chimodzi cha PDF. Gmail imalola kutumiza zinthu zosaposa 25 MB pakalata imodzi, zomwe n'zokwanira kontirakiti yonse.

Chachiwiri, ndipo n'chomwe ambiri amachinyozera, ndi mutu wa kalata. Kalata yopanda mutu ili ngati belo lopanda nambala. Mlembi akazolowera kulemba mutu mofanana nthawi zonse, monga chaka, dzina la membala ndi mtundu wa pepala, kufufuza kumaphweka. Patatha zaka zitatu angolemba dzina la membalayo pamalo ofufuzira ndipo mapepala ake onse atuluka m'ndandanda wa masiku.

Chachitatu ndi kugawa makalata m'magulu. Gmail imalola kuika zizindikiro pamakalata, monga za ngongole, za malonda, za mayendedwe kapena za misonkhano, ndipo pakompyuta munthu angakonze zoti makalata ochokera kubanki kapena kukampani azilowa okha m'gulu lawo. Palinso kachinsinsi komwe ambiri sakudziwa: munthu akawonjezera chizindikiro cha + ndi liwu lina kumapeto kwa dzina la imelo yake ya Gmail, chisadafike chizindikiro cha @, kalatayo imafikabe kwa iye. Kalabu ingapereke adiresi yothera ndi +banki kubanki, ina yothera ndi +fodya kukampani, zonse n'kumagwera m'bokosi limodzi koma zosavuta kusiyanitsa.

Chachinayi ndi kulemba madandaulo. Mlimi akadandaula pakamwa kwa mlangizi wa kampani, mawuwo amauluka ndi mphepo. Akalemba imelo n'kuikamo mlembi wa kalabu kapena ofesi ya bungwe la alimi monga TAMA Farmers Trust kuti nawonso alandire, pamakhala mboni yoti nkhaniyo idaperekedwa tsiku lakuti. Vuto la netiweki silitchinga izi kotheratu, chifukwa kalata yolembedwa pomwe palibe netiweki imadikira m'foni n'kupita yokha munthu akafika pamalo pomwe ikugwira.

Phindu silithera pa fodya. Mwana wa mlimi yemwe akufunsira malo kusukulu ya ukachenjede, ngongole ya maphunziro kapena ntchito amakumana ndi mafomu a pa intaneti omwe ambiri amafuna imelo. Achinyamata ambiri amatsekula imelo yatsopano pa fomu iliyonse chifukwa adaiwala pasiwedi ya yakale, kenaka yankho lomwe amalidikira limakagwera m'bokosi lomwe sangathenso kulitsekula.

Pomwe zaulere zimaluma

Kunena kuti akauntiyi ndi yaulere sikutanthauza kuti ilibe malamulo, ndipo ena mwa malamulowo adapangidwa poganizira anthu omwe moyo wawo ndi wosiyana kwambiri ndi wa mlimi wa kwa Chulu kapena ku Chamama.

Mu May 2023, Google idalengeza kuti akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ingathe kufafanizidwa pamodzi ndi zonse zili m'menemo, ndipo idati izi ziyamba mu December chaka chomwecho. Kwa munthu wa m'tauni zaka ziwiri n'zambiri. Kwa mlimi sizili choncho. Foni yogulidwa mu May ndalama zili m'thumba imatha kugulitsidwa kapena kupinyolitsidwa mu January njala itafika pachimake. Mvula ikavuta zaka ziwiri zotsatizana, munthu angathe kukhala nthawi yonseyo osagwiranso foni yamakono. Mankhwala ake ndi apafupi: kulowa mu akauntiyo, ngakhale pafoni ya wachibale, nthawi yolembetsa chiphaso ndi nthawi ya msika chaka chilichonse.

Msampha wina ndi kudzadza kwa malo. Kuyambira pa 1 June 2021, zithunzi zatsopano za mu Google Photos zidayamba kuwerengedwa pa 15 GB ija, ndipo kuchokera kumapeto kwa 2023 kulowa mu 2024 zokopera za WhatsApp pa Android nazonso zidayamba kudya malo omwewo. Makanema a ukwati, nyimbo ndi nthabwala za m'magulu zingathe kudzadza nkhokwe m'miyezi yochepa, ndipo ikadzadza munthu satha kutumiza kapena kulandira imelo. Malo owonjezera ndi olipira mwezi ndi mwezi, pogwiritsa ntchito khadi lotha kulipira kunja, chinthu chovuta m'dziko lomwe likusowa ndalama zakunja. Njira yanzeru ndi kuletsa makanema kulowa m'zokopera za WhatsApp, kufufuta makalata akuluakulu osafunika, komanso kukhala ndi akaunti yapadera ya zikalata zokhazokha.

Msampha wachitatu ndi nambala ya foni. Munthu akaiwala pasiwedi, kampani imatumiza nambala yachinsinsi kufoni yomwe idalembedwa potsekula akauntiyo. Ngati wogulitsa uja adaikapo nambala yake, kiyi wa nkhokwe ali kwa iye. Ndipo ngakhale nambalayo ikhale ya mwini wake, simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito makampani a mafoni amaitseka n'kudzapereka nambalayo kwa munthu wina. Chiyambireni kalembera wa simu mu 2018, nambala imalumikizidwa ndi chitupa cha unzika, zomwe zimathandiza munthu kuibwezeretsa ikatayika. Koma izi zimathandiza yekhayo yemwe simu idalembetsedwa m'dzina lake, osati la mlamu wake kapena la mwana wa mnzake.

Tisaiwalenso mtengo wa bandulo ndi wa kutchajitsa foni m'midzi yomwe magetsi a Escom sadafike. Kumayambiriro kwa 2024, Google idachotsa tsamba lopepuka la Gmail lomwe linkatsekuka msanga pa intaneti yofooka. Chisankho chotere chimapangidwa ku California, koma womva kuwawa kwake ndi yemwe ali kumapeto kwa netiweki.

Akathyali nawo sagona

Nyengo ya msika ndi nyengo yokololanso kwa akathyali. Anthu adazolowera kale mauthenga abodza a pa Airtel Money ndi TNM Mpamba onena kuti ndalama zalowa molakwika. Pa imelo chinyengo chimavala suti: kalata imabwera ndi chizindikiro cha banki kapena cha kampani yodziwika, n'kunena kuti akaunti itsekedwa munthu akapanda kudina pena pake ndi kulemba pasiwedi. Lamulo lake ndi limodzi lomwe lija: banki kapena kampani yoona siipempha pasiwedi, PIN kapena nambala yachinsinsi yomwe yangobwera pafoni.

Chitetezo chachikulu chomwe sichilira ndalama ndi kutsekula njira yotsimikizira kawiri, yoti ngakhale wina adziwe pasiwedi alephere kulowa popanda foni ya mwini wake. Google imaperekanso manambala khumi apadera ogwiritsa ntchito foni ikasowa. Manambalawa ndi oyenera kulembedwa m'kope n'kusungidwa pamodzi ndi chitupa ndi mapepala a munda. Yemwe walowa mu imelo pakompyuta ya pamalo olembetsera makalata kapena pafoni yobwereka azikumbukira kutuluka asadachoke.

Makampani akuluakulu nawonso amathyoledwa. Yahoo idavomereza mu 2017 kuti maakaunti ake onse okwana 3 biliyoni adakhudzidwa ndi umbava womwe udachitika mu 2013. Phunziro lake n'lakuti pasiwedi ya imelo isafanane ndi ya Facebook, ndipo PIN ya kubanki isalembedwe m'kalata iliyonse.

Pa makalabu pali vuto lina lomwe si la makina koma la utsogoleri. Akaunti ikakhala m'manja mwa mlembi yekha, tsiku lomwe adzakangane ndi anzake kapena kusamukira ku Joni, mbiri ya kalabu idzapita naye. N'kofunika kuti malamulo a kalabu anene omwe akusunga pasiwedi, monga momwe amanenera osayinira kubanki, ndi kuti izisinthidwa komiti ikasintha. Pabanja napo mpofunika kukambirana. Amayi ambiri amagwira ntchito yaikulu pa fodya kuyambira kunazale mpaka posankha, koma bambo akamwalira amapezeka kuti sakudziwa ngongole yomwe yatsala kapena ndalama zomwe zikuyembekezeka. Google ili ndi dongosolo lotchedwa Inactive Account Manager, momwe munthu angasankhiretu wodalirika woti adzalandire zomwe zili mu akaunti ikadzakhala nthawi yaitali osatsekulidwa.

Funso la chinsinsi

Pali nkhawa yomveka yoti zikalata za alimi a ku Malawi zizisungidwa ndi makampani akunja. Google idalengeza mu 2017 kuti isiya kuwerenga zomwe zili m'makalata a Gmail pofuna kusankhira anthu malonda otsatsa, komabe kampaniyo imapeza ndalama zake zambiri kudzera m'kutsatsa malonda, ndipo imadziwa zambiri za omwe amagwiritsa ntchito zinthu zake. Dziko lino tsopano lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe lidapatsa bungwe la MACRA udindo woteteza uthenga wokhudza anthu. Lamulolo ndi sitepe yabwino, ngakhale kuti mlimi wa ku Lisasadzi yemwe akaunti yake yatsekedwa alibe ofesi ya Google yoti akagogodeko m'dziko muno. N'chifukwa chake imelo iyenera kukhala nkhokwe yachiwiri, osati yokhayo.

Mpata womwe udakalipo

Tisadzinamize kuti aliyense afikirika. Kafukufuku yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita ndi MACRA mu 2019 adapeza kuti anthu pafupifupi 15 mwa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti, ndipo kumidzi sankafika 10 mwa 100. Kasungu, yemwe kalembera wa 2018 adapeza kuti ali ndi anthu oposa 800,000, ndi boma lomwe anthu ake ambiri amakhala kumudzi. Alimi ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndipo ena kuwerenga Chingerezi kumawavuta.

Koma ulimi wa fodya uli ndi mwayi womwe mbewu zina zilibe: alimi ang'onoang'ono ambiri ali kale m'makalabu. Sipafunika foni yamakono pakhomo lililonse. Foni imodzi ndi mlembi mmodzi wodziwa ntchito akwanira gulu lonse.

Boma la Kasungu lomweli lidatipatsa kale chitsanzo cha zomwe chida chaching'ono chingachite. William Kamkwamba wa ku Wimbe adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atawerenga buku la m'laibulale ya kwawo, ndipo intaneti adakaiona koyamba mu 2007 ku Arusha m'dziko la Tanzania. Lero chomwe iye adachipeza atakwera ndege chili m'matumba mwa anthu pamsika wa Wimbe womwewo. Chosowa ndi wowauza kuti chilipo.

Udindo uli ndi yani?

Mabungwe omwe amatulutsa mapepalawa ndiwo angasinthe zinthu msanga. Tobacco Commission, AHL ndi makampani ogula ali kale ndi zonsezi m'makompyuta awo. Kutumizira mlimi kapena kalabu yake kontirakiti, ndondomeko ya ngongole ndi chikalata cha malonda pa imelo, kuwonjezera pa pepala, kukhale chizolowezi cha onse. Kampani yomwe ikudula ndalama mwachilungamo ilibe chifukwa choopera kuti mlimi akhale ndi umboni wofanana ndi wake.

Alangizi a boma, a ARET ndi a makampani amakumana ndi alimi chaka chonse. Kupatula ola limodzi pamsonkhano wa kalabu kuti aphunzitse kasungidwe ka zikalata sikungaononge ndalama zambiri. MACRA, yomwe imayendetsa thumba la Universal Service Fund lofalitsira ntchito za mauthenga kumidzi, ingaonetsetse kuti pomwe yafikitsa netiweki pafikenso maphunziro a m'Chichewa a momwe anthu angadzitetezere. Ogulitsa mafoni nawo aphunzire kulemekeza kasitomala: akaunti itsekulidwe m'dzina lake, ndi nambala yake, ndipo pasiwedi aisankhe yekha.

Gawo lotsala ndi la ife a m'tauni. Ambiri mwa mafoni omwe ali m'midzi ya Kasungu adagulidwa ndi ana omwe ali ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Johannesburg, ena mwa iwo ophunzira ndi ndalama za fodya yemweyo. Mukapitanso kumudzi, khalani pansi ndi bambo kapena mayi, muone dzina la imelo lomwe lili m'foni mwawo, musinthe pasiwedi, muikepo nambala yawo yolembetsedwa bwino, ndipo mujambule mapepala omwe ali m'jumbo muja. Ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Akaunti yomwe pasiwedi yake ili ndi munthu wina idakali pachala. Nyengo ina ya msika isadafike, mlimi wa ku Kasungu akuyenera kutenga kiyi wa nkhokwe yake.